Kamtengo ka m'Kabati ya Custódio

Loweruka, 7 Juni

Wandiitana! Custódio wandiitana kwawo ku Alfama, akuti ndikawathandize kuotcha nsomba za masadini sabata ya chikondwerero cha Antonio Woyera. Ine Graciete, zaka 59, wamasiye, zidzukulu zitatu, ndavina ndekha m'khitchini mpaka bondo landikumbutsa kumene tinadziwirana. Miyezi isanu tikukhala benchi imodzi kuchipatala kowongola mawondo, lake lakumanzere, langa lakumanja, koma munthuyu akadali pa "Dona Graciete, mwadzuka bwanji?" basi.

Sabata ino ndi ya okondana. Ngakhale mwamuna wamanyazi chotani amagula kamphika ka kamtengo konunkhira kotchedwa manjerico n'kupatsa mkazi amene akumufuna. Akapanda kundipatsa pofika Lachisanu, ndiye kuti ndakhala ndikulota ndekha.

Lolemba, 9 Juni

Ndinabadwira mu Lisbon momwemuno, koma ku Alfama ndinali nditapitako kawiri kokha, konse kumaliro. Lero ndakwera basi kuchokera kwathu ku Benfica, kenako masitepe. Mayo ine, masitepe! Ndinawerenga 84 n'kugwa ulesi. C. anandichingamira pampope wina wakale, malaya ositidwa, tsitsi lonyowa.

Kumeneku ndi kumudzi ndithu, kaya mzinda unawaiwala bwanji. Kanjira ka kwawo ukatambasula manja ukhudza makoma onse awiri, zochapa zikudontha pamutu, aliyense akudziwa chimene mnzake waphika. Tisanafike pakhomo mbiri yanga inali itafika kale. Dona Zulmira a nyumba yoyang'anana nayo ali pawindo: "Custódio, ameneyu ndiye wa bondo uja? Koma ndiye uli ndi diso, mwana iwe!" Mwana wa zaka 66. Makutu ake psuu. Ine kuseka ngati kamtsikana ka sukulu, manyazi ake!

Kenako a Deolinda, achemwali ake aakulu. Zaka 72, sanakwatiwepo, ndiwo akhala akumuphikira chimwalirireni mkazi wake. Anayamba kundiyang'ana nsapato, nkhope pambuyo. "Anthu a m'mafulati sadziwa kukoleza makala." Ndinakoleza ndi machesi amodzi. Anangoti hmm.

Lachiwiri, 10 Juni

Tsiku lonse kupachika maliboni a pepala, C. pamwamba pa makwerero, ine ndikugwirira pansi. Alendo odzaona malo kumangotijambula. Wina anafunsa ngati ndife banja, C. n'kugwetsa nyundo, pang'onong'ono indiphwanye chala.

Masana anazemba, akuti akukagula misomali. Wabwerako ndi jumbo yobisa kumbuyo, akuyenda chammbali ngati nkhanu, ulendo wa m'nyumba. Misomali yonunkhira chonchija sindinaionepo!! Ndi manjerico. Ndikudziwa, ndikudziwa, ndikudziwa.

Pobwerera ndimangomwetulira ndekha m'basi, mpaka mayi amene ndinakhala naye anasintha mpando.

Lachitatu, 11 Juni

Ndapalamula.

A Deolinda anandituma mbale zazikulu m'kabati ya pansi pa masitepe. Ndikutsegula chonchi, si aka! Kamphika kadothi, kamtengo kobiriwira kozungulira bwinobwino, duwa lofiira la pepala pamwamba. Kambendera kamene amagulitsira limodzi ndi kamphika, ka ndakatulo yosindikiza, wachotsa n'kuikapo kake, kolemba pamanja, zilembo zokhotakhota:

Mawondo anga adatha kale
koma mtima sunauzidwe.
Graciete, mukangovomera
masitepe onsewa ndikwera chothamanga.

Ndinangokhala pansi pomwepo.

Mwana aliyense mu Lisbon amadziwa kuti manjerico sununkhiza ndi mphuno. Umasisita ndi dzanja, n'kununkhiza dzanjalo. Ukaikapo mphuno, kafota. Ineyo ndinam'menyapo mwana wanga padzanja pa nkhani yomweyi. Ndiye lero gogo wamkulu ine ndinalowetsa nkhope yonse m'masambamo. Katatu. Ndinapsompsonanso. Kenako kutseka kabati, kutuluka ndi mbale zolakwika, a D. n'kundifunsa ngati ndili ndi malungo.

Mwina n'zikhulupiriro chabe. Antonio Woyera, inu mumapeza zotayika, ndipezereniko nzeru zanga.

Lachinayi, 12 Juni, m'mawa

Ndasuzumira. Kafota. Masamba onse zyoli.

Lachinayi lomweli, m'basi

Ndilembe pompano.

Cha m'ma folo koloko matebulo tinali titatulutsa panjira, nsomba zathiridwa mchere, ine ndili pambaula. C. wavala jekete, kutentha konseku, walowa m'nyumba. Kenako phokoso la chitseko, uyo watuluka ndi kamphika m'manja, wayang'ana kuwindo la pamwamba kumene a D. amaanula zovala.

"Achemwali! Mwanunkhiza!"

"Ndanunkhiza chiyani?"

"Musanamizire. M'kabatimo amatsegulamo ndani? Chiyambire Dona Graciete simukumufuna!"

"Chitsiru iwe, watsekera chomera mumdima masiku awiri osathirira, umati chiyimbe nyimbo?"

Mawindo a kanjira konse anali atatseguka. Dona Zulmira, maso pa kamphika: "Ayi Deolinda, kufota uku n'kwa mphuno. Ndikukudziwa ine." Wina pamwamba kuvomereza, wina kukana, mpaka bambo wa golosale kutuluka ndi epuloni kudzaweruza.

Ndiye C., munthu amene miyezi isanu walephera kundigwira ndi dzanja lomwe, anakuwa kuti: "Ndikufuna kumukwatira! Mufune musafune! Ngati simukumufuna pano ndisamuka, ndikakhala naye kumafulati!"



A D. anangogwira chopukutira chimene amaanula. Mawu awo aakulu aja anatha, anangoti, "Nanga ine ndiziphikira ndani?" N'kutseka windo. C. atazindikira zimene wanena, ndiponso kuti ndili pomwepo, anathawira m'nyumba osandiyang'ana.

Mawu amene ndakhala ndikuwadikira ndawamva, eya, ndipo mbali ina ya mtima ikuvina mpaka pano, sindinama. Koma wawanena pokalipira achemwali ake, pa mlandu wanga. Ndinaima pamenepo ndi chopanira m'manja, nsomba zikupserera, osatsegula pakamwa. Ndinauza Dona Zulmira kuti mutu ukundipweteka, n'kutsika masitepe. Ndine wamantha, ndadzinyansa.

Ndikaulula, andiona ngati mkazi wofufuza m'makabati a eni, wosiya nkhalamba ikunamiziridwa pagulu. Ndikapanda kuulula, ndalekanitsa munthu ndi mlongo wake. Mphuno iyi, mphuno iyi!

Lachisanu, 13 Juni

Ndinakwera basi yoyamba. Kanjira konse fungo la utsi wadzulo, amayi akusesa mitu ya nsomba. Ndinaganiza kuti poti anawanamizira panjira, ndikaululirenso panjira. Ndinaima pakati penipeni.

"Dona Deolinda! Senhor Custódio!"

Mawindo amene anatseguka ndi asanu ndi awiri. La a D. linali lomaliza. C. anatuluka pakhomo ndevu zosameta, jekete yadzulo ikadali m'thupi.

Ndinati, "Ananunkhiza ndine. Katatu. A Deolinda alibe mlandu. Dzulo ndinachita mantha, mundikhululukire."

Dona Zulmira kuwomba m'manja: "Ndinanena ine kuti n'kwa mphuno!"

C. maso tong'o. "Ndiye kuti kapepala kaja... mwawerenga?"

"Ndawerenga."

"Konse?"

"Ndi mizere inayi yokha, bambo."

Pamwamba a D. akuti, "Undipepese kaye, kenako ufunse ngati munthu, osati kukuwa ngati ukugulitsa nsomba." Anavula chipewa, kupepesa, iwo n'kumuuza kuti sanamve, abwereze. Anabwereza. Kenako analowa, kutuluka ndi kamphika kofota kaja, kundipatsa ndi manja awiri.

"Dona Graciete, mungalole... kodi mungandilole?"

Ndinati inde. Ndinanena mokweza mpaka galu wa pagolosale anauwa. Ndiye ndinayang'ana pamwamba n'kuwonjezera kuti koma ku Benfica sitipita, ndibwera ndine kuno, ngati eni khitchini andilola, chifukwa ine kuphika ndinatopa nako kalekale.

Anthu kuseka, Dona Zulmira kulira, wina kale wayamba kuyimba. A D. okha duu pawindo, akundiyang'ana. Nthawi yaitali ndithu, mpaka kuseka konse kunatha, ine kamphika kali pachifuwa.

Kenako anati, "Bafa ndi limodzi muno. Ine ndimasamba sikisi koloko. Inu muzisamba hafu pasiti."

Ndati chabwino, alamu.