Mpira Womaliza pa Bwalo la Mkuntho

Nsaru,
10 Okutobala 2023

Wokondedwa mlongo wanga Rodgers,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kupatula abambo amene miyendo ikuwavutabe. Kalatayi ndapatsira a Noel amene akukwera basi mawa. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni umandidula ndisanamalize.

Lamulungu lapitali kunali mpira womaliza pa bwalo la Mkuntho, timu yathu ya pa Nsaru pano. Tinali titamva kuti malowo agulidwa ndi munthu wina wofuna kumangapo mashopu, koma dzina lake a komiti ya timu ankabisa.

Abambo anaumirira kuti apita nawo. Ndinawakweza pa kabaza, ine n'kumatsatira wapansi. Ukudziwa kuti bwalolo analambula ndi iwowo ali anyamata, kuzula zitsa ndi makasu, ndipo anakhala goloboyi zaka khumi ndi ziwiri. Titafika anakana mpando. Anakaima pa golo la kum'mawa lija, atagwira mtengo wake wa bulugamu, nati mtengo umenewo anausintha kanayi ndi manja awo chifukwa cha chiswe.

Anthu anadzaza mpaka pa chulu chija tinkakwerapo tili ana. Tinasewera ndi a ku Kabudula. Anayamba kutichinya ndi iwo, ife tinabweza ziwiri, chachiwiricho anagoletsa ndi mutu Eric, mwana wa a Grace. Azimayi tinathamangira m'bwalo zitenje zili m'mwamba, fumbi koboo. Ine ndinafuula mpaka mawu anandithera. Abambo ankaseka misozi ili m'masaya.

Koma mpira usanathe n'komwe, lole ya njerwa inali itaima kale kuseri kwa golo. Woimbira atangoliza wezulo, amisiri anayamba kutsitsa, anthu tisanabalalike. Ndinapita kwa a Andrea, kapitawo wawo, kukafunsa ngati sakanadikira mpaka Lolemba. Anandiyang'ana modabwa, nati iwo akungotsatira zimene bwana wanena pa foni, ndipo ine ndiye ndiyenera kudziwa bwino poti bwanayo ndi mlongo wanga. Anandionetsa pepala. Panali dzina lako, Rodgers Chikoti, ndi saini yako yokhota ija.

Kodi malo anatha pa Nsaru, Rodgers? Iwe amene unkasewera pomwepo wopanda nsapato, abambo akukufuulira pa mzere? Achinyamata awauza kuti azikasewera ku dambo, kumene mvula ikagwa madzi amalekeza m'mawondo. Ndipo wabisala kumbuyo kwa a komiti ngati wakuba nkhuku. Ukanakhala kuti sukuonapo cholakwa, dzina ukanabisiranji?

Tsopano ndiulule tchimo langa. Pobwerera abambo anandifunsa zimene a Andrea ananena. Ndinawanamiza kuti wogulayo ndi wabizinesi wa mu tauni amene sitikumudziwa. Anamunyoza njira yonse, amvekere munthu ameneyo makolo ake sanamulere. Chibadwire sindinawanamizepo abambo, ndipo sindikudziwa ngati Lamulungu likudzali ndikalandira Ukaristia.

Pa msika nkhaniyi yayamba kale kumveka. Sindikufuna abambo aimvere kwa munthu wodutsa pamsewu. Uwaimbire wekha. Maziko sanakumbe, ndipo njerwa zimene zinabwera pa lole zingathe kubwerera pa lole. Ukaimitsa ntchitoyi, ine sindidzaitchulanso nkhaniyi. Ukafuna kupitiriza, uwauze ndi pakamwa pako, umve wekha mmene ayankhire. Mwezi uno ukatha usanaimbe, ndiwauza ndine, chifukwa bodza lako sindingalisenze mpaka Khirisimasi.

Mulungu akusunge ndipo akufewetse mtima. Undiperekere moni kwa alamu a Olive ndi ana onse. Abambo akuti moni, ndipo akufunsa kuti ubwera liti.

Ndine mlongo wako,
Benedeta