Sopo wafupika, mkwiyo wagwera Luse

Aphungu,

Ndimagulitsa pa kantemba, kagolosale kanga kakang'ono, kuno ku Kalingalinga. Ndineneretu kuti musandiyankhe ngati munthu wosaphunzira. Ndinafika chaka chachitatu ku yunivesite, ndinasiya mkulu wanga atamwalira n'kundisiyira ana awiri, Kasoma ndi Chalwe. Anzanga a m'kalasi lero amadutsa pagalimoto atatseka magalasi. Ine ndimadula sopo.

Ndimagula sopo wamtali uja wochapira kusitolo yaikulu ya kufupi kwathu, n'kumudula ndi ulusi. Muyeso wanga ndi bokosi la machesi. Zaka zonsezi sopo mmodzi ankatuluka zidutswa zisanu ndi chimodzi. Chaka chino akutuluka zisanu, ndi kachidutswa koti ngakhale mpango sikangachape. Pepala lake ndi lomwelija, mtengo ndiye unakwera. Paketi ya shuga yangotupa mpweya, botolo la saladi, mafuta ophikira aja, analikumba dzenje kunsi. Ndikachepetsa zidutswa, azimayi a m'komboni amati ndayamba kuba. Wina anandifunsa pamaso pa ana kuti, “Sukulu yamene munaphunzira ni yotibela ise?”

Ndiye sitolo yomweyo, imene ikutifupikitsira sopo, yayamba chifundo. Pa tilu aliyense amafunsidwa mokweza ngati angasiyeko chenji cha ana amasiye. Ukavomera, akufuna nambala ya foni. Ukagula mapaketi awiri a chizindikiro chobiriwira, akuti ubwerenso Loweruka kudzaponya imodzi m'bokosi la amasiye, akujambule. Ukakana, onse a pamzere amva kuti wakana.

Sabata yatha ndinapita ndi sopo wanga kukadandaula. Anandiuza kuti manijala ali pamsonkhano. Ndinagula zanga n'kuima pamzere, ndipo pa tilu ndinapeza Luse, mwana wa aneba anga, amene wangoyamba ntchito ndipo akadali pa miyezi yoyesedwa. Luse anakulira limodzi ndi Kasoma. Amadziwa kuti ana ndikulerawa ndi a malemu. Koma anandifunsabe: “Ba anti, muzasiyako chenji ya bana bamasiye?”

Aphungu, ndinaona mdima. Ndinamufunsa ngati bokosi lawo lija linafikapo pakhomo panga. Ndinati amasiye ndili nawo awiri, amadya, amavala, amachapa ndi sopo amene abwana ake akufupikitsa. Ndinanena zambiri, zina m'Chingelezi kuti a mu ofesi amve. Manijala wa pamsonkhano uja anatulukira nthawi yomweyo. Anafunsa ngati mtsikanayo wandichita chipongwe, ine n'kuti inde, wandinyoza. Za sopo anangoti azipereka kwa akuluakulu, osalemba n'komwe.

Luse anamuimitsa ntchito. Dzana amayi ake, bana Luse, anabwera pa kantemba. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anandifotokozera kuti mtsikana wa pa tilu akadumpha kasitomala osamufunsa amaitanidwa ku ofesi, ndipo tsiku limenelo supavaiza anali ataima kumbuyo kwa Luse. Manijala wati mwanayo abwerera pokhapokha wodandaula uja akapita yekha, mwezi uno usanathe, kukanena kuti panalibe chipongwe. Pochoka anangoti, “Bana Kasoma, pa nyumba paja osebenza ni yeve chabe.”

Tsono ndikagwade kwa munthu amene akundibera sopo? Ndikamuuze kuti ndinalakwa, iye azimwetulira, zithunzi za chifundo chawo zili pakhoma kumbuyo kwake? Pa zonse zimene ndinali nazo chatsala ndi pakamwa panga pokha, ndipo sindinabwezepo mawu kwa munthu. Koma Luse akamadutsa ndi chigubu cha madzi ndikulephera kukweza maso.

N. C., Kalingalinga, Lusaka

Mayi N. C.,

Pa sopo simukulota. Ena andilembera za buledi wopepuka ngati thonje, ena za machesi osadzaza bokosi. Ndipo kufunsidwa za amasiye pagulu, inu amene munasiya sukulu chifukwa cha amasiye, kukanamupweteka aliyense. Mkwiyo wanu ndaumva, sindikuuchepetsa.

Koma pa mawu amodzi munanena zosaona, ndipo inunso mukudziwa, n'chifukwa chake maso akulemera. Luse sanakunyozeni. Anafunsa funso limene anamulamula, bwana ali kumbuyo kwake. Amene anafupikitsa sopo sanamve liwu lanu ngakhale limodzi. Zonse zinagwera mtsikana amene analibe mphamvu yokuyankhani.

Pitani. Musadikire kutha kwa mwezi, malo a pa tilu sachedwa kupeza mwini wina. Yambani mwalowa kwa bana Luse, mumuuze Luseyo maso ndi maso kuti mawu aja sanali ake. Kupepesa kwanu kuthere m'nyumba imeneyo. Kwa manijala simukukapepesa, iye simunamulakwire. Mukukakonza umboni umene munapereka, basi. Mukanene zochepa: mtsikanayo anafunsa mwaulemu, inu munakwiyira sitolo. Mupite ndi bana Luse akhale mboni, ndipo mupemphe kuti manijalayo alembe mawu anu inu muli pomwepo, chifukwa mwaona kale mmene amaiwalira.

Za sopo tsiku limenelo muzisiye kunyumba, zili ndi njira yake. Fufuzani pepala lakale la sopo, kaya kwanu kaya kwa anzanu a tuntemba, muliyerekeze ndi latsopano pa magalamu olembedwa. Ngati nambala yatsika, mukhome mapepala onse awiri pa kantemba kuti wofunsa za sukulu yanu adziwerengere yekha. Ngati nambala ndi yomweyo koma sopo wachepa, imeneyo ndi nkhani ya bungwe la boma loteteza ogula. Kulemba dandaulo mumatha, ndiye lembani, anzanu ogulitsa asayine nawo. Sindikulonjeza kuti sopo wamtali uja abwerera, mwina wapita. Koma dzina la wakuba lichoka pa inu.

Pa tilu, “Ayi, zikomo” ndi yankho lokwanira. Nambala ya foni palibe angakukakamizeni, ndipo Loweruka lanu ndi lanu. Gawo lanu la chifundo mumapereka tsiku lililonse popanda wojambula.

Chenjezo langa ndi ili. Manijala akhoza kumwetulira mmene mukuopera muja. Akhoza kukuimikani panja nthawi yaitali, akhozanso kukufunsani ngati mtima watsika. Mudzamva mawu akukwera pakhosi, ndipo ambiri adzakhala oona. Muwameze mpaka Luse atakhalanso pa tilu. Mukakangana naye munthuyo mudzamugonjetsa, pamenepo sindikukayika. Koma pa kalata yochotsa ntchito sadzalembapo dzina lanu, adzalembapo la Luse.

Aphungu