Mapulonzi pa zitsononkho

Amayi anga, kodi zikuyenda bwanji kumene muliko? Ife kuno tilipo. Mtedza wa m'munda mwanu ku Mitundu unabereka bwino chaka chino, ngakhale mbewa zinatithandiza kukolola. Mbuzi yanu yamakani ija inaswa ana awiri, onse amakani. Ine ndikadali pa Nathenje, kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu ndi kukangana ndi makondakitala.

Nkhani yaikulu ndi ya mwana wanu Limbani. Thiraki ija amayendetsa kupita ku Beira inatibweretsera mkazi. Simunamuone, anafika titamanga kale chiliza chanu. Dzina lake ndi Luwiza, wamfupi, waulemu, Chichewa chake chosakaniza ndi Chisena. Popeza Limbani amakhalira pamsewu, anamusiya kwa ine, ndipo tsopano ndi woyembekezera.

Koma pathupipo panabwera ndi vuto, anasiya kudya. Usipa ankangoununkhiza, nyemba ayi, ngakhale nkhuku imene ndinamuphera inathera kwa ana anga. Ku sikelo anamwino anati magazi akuchepa. Kenako anayamba kunena zoti akachirire kwa mayi ake ku Beira. Mantha anandigwira, Amayi. Mkazi akachoka ku chitengwa ndi njala sabwerako, ndipo mdzukulu wanu tikanamangomuonera pa foni.

Nditamuumiriza kuti anene chimene mtima ukufuna, anati mapulonzi. Kodi inu munawaonapo? Limbani anabwera nawo m'bokosi la ayisi. Ndi tizilombo ta m'nyanja yamchere, totuwa, tatitali ngati chala, miyendo yambirimbiri, maso otong'oka, ndevu zoposa thupi. Nsomba si nsomba, chiwala si chiwala. Ndinatembenuza kamodzi pachikhatho kufunafuna pakamwa pake, sindinapapeze. Mpaka lero ndikudzifunsa kuti munthu woyamba kudya zimenezi anali ndi njala yotani.

Luwiza anali atagona, ndiye ndinati ndimudabwitse. Paja inu munkati cha m'madzi chiphikidwe mpaka chiiwale kwawo. Ndinawawiritsa monga tichitira ndi nsomba youma, n'kuthira tomato wambiri, poti tomato sindigula, n'kuwasiya pamoto mpaka nditamaliza kuchapa. Anatuluka olimba ngati mphira wa legeni. Mlamu wanga anatafuna kamodzi, anati zikomo, misozi ili lengelenge. Safunsa anadya phula, koma ine phulalo ndinadyetsa mnzanga.

Mwamwayi theka ndinali nditasungitsa mu filiji ya mayi Hawa a pagolosale. M'mawa mwake ndinadzichepetsa, ndinamupempha andiphunzitse. Anandionetsa kung'amba kumsana ndi lezala n'kusolola kaulusi kakuda, kamene anati ndi matumbo ake. Tinathira mchere, adyo, tsabola ndi mandimu. Kenako anati asakhudze madzi, apse ndi nthunzi yokha, ndipo kwawo ali ndi poto wa mabowo wa ntchito imeneyi. Anayang'ana mapoto anga onse n'kugwa mphwayi.

Apo ndi pamene ndinakumbukira maungu anu. Suja munkayala zitsononkho pansi pa mphika, timadzi pang'ono, maungu pamwamba, n'kufunditsa masamba? Munkati dzungu silifuna kusamba, lifuna kufunda. Ndinatola zitsononkho, kuzitsuka, kuziyala m'poto, pamwamba pake tsamba la nthochi loboolaboola ndi foloko. Luwiza anasuzumira n'kuseka. Ndinali nditaiwala kuti ali ndi mano.

Madzi atawira tinayala mapulonziwo n'kuvundikira. Ndinati ndikasese kaye pakhonde, iye anandigwira chitenje. "Alamu, musachoke, apsa kale." Ndinkayesa nthabwala. Titavundukula, otuwa aja anali atasanduka ofiirira, onse atapindika. Ndani amawauza kusintha mtundu? Ndinamufunsa, nayenso sakudziwa. Anangoti akapindika pang'ono ndiye kuti apsa, akadzizinga mpaka mutu kukhudza mchira ndiye kuti wawapha kawiri.

Anadya, Amayi. Anakhala pamphasa miyendo ili tambalale, kusenda ndi zala, kuyamwa ndi mitu yomwe, mpunga mpaka kuonjezera. Ine ndinalawa kamodzi nditatsinzina. N'kofewa, kotsekemera pang'ono, ndipo kafungo kake sindikudziwa ndikafanizire ndi chiyani. Inu mukanalawa? Ndikukuonani mukukwinya mphuno, kenako n'kupempha kena kuti mutsimikize kuipa kwake.

Kuyambira tsikulo pakhosi patseguka, ndi chisoso chomwe akudya. Za ku Beira sindinamufunse, ndinkaopa yankho. Sabata yathayi ndinamuperekeza ku sikelo ku Mitundu. Anamwino atafunsa kumene adzachirire ndi amene adzamudikirire, ine ndinayang'ana pansi. Iye anandiloza.

"Konkuno. Mayi anga ali kutali, adzandigwira ndi awa."

Ndinavomera msanga, koma m'minibasi pobwerera ndinazindikira kuti ntchitoyi sindikuidziwa. Ana anga onse pobadwa wondidikirira munali inu, ine ntchito yanga inali kulira. Sindinaone chimene manja anu ankachita, ndinkangomva kuti alipo. Munkandisisita pati? Nanga chija munkandinong'oneza, chimene chinkandikhazika mtima pansi, chinali chiyani? Ndayesa kukumbukira, mawuwo sakubwera.

Ndakusowani kwambiri, Amayi. Tsikulo likadzafika ndidzaima pamene munkaima inu, kumutu kwa bedi, ndipo ndikukulonjezani kuti sindidzamusiya dzanja mpaka mwana atalira.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Eneless