Mbirigha ya ku Hewe Sindikuifuna

Katowo,
Rumphi.

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino ku Ntcheu kwathuko. Kodi miyendo ija ikuvutabe? Ine kuno ndili bwino, kungoti ana asukulu akundiumitsa kukhosi. Mwezi watha ndinakaonedwanso kuchipatala, ndipo adokotala akuti khansa ija sinabwerere. Mpongozi wanu Ida akupereka moni.

Koma ndisakunamizeni Amayi, ndikulemba mtima uli m'mwamba. Makolo a Ida ku Hewe aona kuti m'nyumba mwathu mphatso siikuoneka, ndiye agamula okha kuti wosabereka ndi mwana wawo. Kuno kuli mwambo wotchedwa mbirigha. Mkamwini akawasangalatsa, kapena mkazi akapanda kubereka, amampatsa mng'ono wa mkaziyo kuti akhale mkazi wachiwiri. Ine andisankhira Diana, mlamu wanga wa Fomu 3. Akuti teremu ino ikatha sabwereranso kusukulu. Ine mphunzitsi wathunthu, ndichotse mwana m'kalasi!

Ndinapalasa njinga mpaka ku Heweko. Ndinawauza apongozi mosapsatira kuti vuto lili kwa ine, kuti mankhwala a khansa aja anandiwonongera mbewu, ndipo nditayezetsa anati mwayi ndi wochepa. Mukudziwa zimene anachita? Anaomba m'manja, eti yewo chomene, yewo chomene, kundithokoza m'Chitumbuka. Akuti palibe mwamuna angadzinenere zoterozo pokhapokha ngati akubisa manyazi a mkazi wake, ndiye mkamwini wa mtima wabwino chotere sangabwerere chimanjamanja. Ndikamalimbikira kunena zoona, m'pamene iwo akulimbikira kundipatsa Diana. Ndinabwerako mutu ukuwawa.

Ida waonda. Azakhali ake akumumwetsa zitsamba zowawa ngati ndulu, ndipo akapita kuchigayo azimayi amakodolana. Chonsecho iyeyu anandilola akudziwa zonse, sindinamubisire kanthu. Diana naye anabwera kuno maso ali psuu, kudzandifunsa ngati ndinachita kupempha ndine. 

Amene akundilimbitsa mtima ndi Stanley, mnyamata uja ndinagona naye wodi imodzi. Tili ndi kagulu pafoni ka anyamata amene tinapulumuka matendawa. Timanyogodolana kuti tinagwa m'papaya, n'kuseka mpaka nthiti kuwawa, koma masiku ena wina amangolira ife n'kumamvetsera. Anthu ena onse amangondiuza kuti ndizithokoza Mulungu poti ndili moyo. Ndimathokoza ndithu. Koma kodi munthu akapulumuka saloledwanso kudandaula? Mwana ndimamufuna, Amayi. Ndikaona anzanga atanyamula ana awo paphewa zimandipweteka, ndipo mkazi wachiwiri sangachize zimenezo.

Tsono chimene chandipsetsa mtima kuposa zonse ndi ichi. Apongozi akuti anakuimbirani foni kukufunsani, inu n'kuwayankha kuti mwana wanu ndi wabwinobwino, kumtundu kwathu kulibe gojo. Amayi! Si inu munagona pansi m'wodi muja miyezi yonse ija? Si inu munali pompo adokotala akufotokoza kuti zotere zikhoza kuchitika? Mawu anu amenewo ndi amene atseka makutu a anthu a ku Hewe. Mwatchinjiriza dzina langa, koma mlandu wonse wagwera ana a eni ake awiri osalakwa.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani sukulu zisanatsekere, tipite limodzi ku Hewe mukanene ndi pakamwa panu. Mawu anga akuwayesa ulemu chabe, koma mayi wobereka akanena za mwana wake, apongoziwo sangatsutse. Ulendo ndi wautali, ndikudziwa, ndipo msewu wa kuno ndi wafumbi. Ndidzakuchingamirani pa Rumphi boma. Mukakana, ndidzaimirira ndekha m'tchalitchi mwawo n'kulengeza mpingo wonse ukumva. Bola anditche gojo Hewe yense kusiyana n'kuti Diana asiye sukulu chifukwa cha ine.

Mundiperekere moni kwa amalume, achemwali a Pamela ndi alamu anga, komanso adzukulu anu onse. Amalumewo muwauze zoona zomwezi, asamve za m'maluwa.

Munalimbana ndi imfa kuti ndisafe, Amayi. Ndili moyo tsopano, musachite nane manyazi.

Tsalani bwino.

Ndine mwana wanu,
Akuzike