Madzi a mu Kanula ya a Filomena

Lolemba, 4 Malichi

Atigoneka. Chibayo, atero adokotala. A Filomena, akazi anga, awaika kanula padzanja, kapaipi kolowetsera mankhwala mumtsempha. Muwodimu kutentha ngati pamsika wa Bangula masana.

Lachiwiri, 5 Malichi

Ndaona ndi maso angawa. Anamwino, a Loyce, asanapereke mankhwala amayamba apopera madzi mukanulamo. Akatha, madzi enanso. Pansi pa mtengo pomwe timaphikira ife odikirira odwala ndinaiyala nkhani: mankhwala theka, madzi theka, otsalawo ulendo wa kumsika! Ndinatsanzira ndi kayendedwe kawo komwe. Anthu kuseka, a Geresomo a ku Kasisi mpaka kutsamwa. Mayiwa, a Filomena, ndawauza kuti madziwo azikana.

Lachitatu, 6 Malichi

Akana kawiri. "Abambo anandiletsa." A Loyce ati afotokoze, ine maso kudenga.

Lachinayi, 7 Malichi

Kanula yatsekeka. Mankhwala a m'mawa sanalowe. Anaichotsa n'kuyamba kufuna mtsempha wina, kubaya kanayi konse, mitsempha itathawa. Mapeto ake kanula yatsopano anaiika kudzanja linalo. Mayiwa osalira ayi. Ankangondiyang'ana.

A Loyce osakalipanso, bola akanakalipa. Anangoti, "Agogo, kudimba kwanu ngalande ikakhala osayendamo madzi imatani?" Ndinati imadzaza matope. Akuti magazinso amaundana choncho mukapaipimo. Aja ndi madzi amchere otsukira, amakankha pang'ono, kuima, kukankhanso, kuti zotsalira zichoke. Ine wokumba ngalande chikhalire, kuuzidwa zimenezi ndi mwana wobadwa dzana!

Ndiye kumva kuti akazi a a Geresomo nawonso ayamba kukana. Chakudya chandikanika.

Lachisanu, 8 Malichi

Ndinabwerera pansi pa mtengo paja. Ndinavula chipewa, ndikuti anthuni, ya Lachiwiri ija ndinanama, sindinafunse. Ndinafotokoza za ngalande, mawu akuchita kugwa. Palibe anaseka. A Geresomo akuti, "Komatu yoyamba ija ndiye inali yokoma, achimwene." Komabe ananyamuka, poto akadali pamoto, kukauza akazi awo.

Masana a Loyce anabwera ndi jakisoni wa madzi uja. Ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese bwinobwino, ndinali nditakonza mawu ambiri. Mayiwa anatambasula dzanja lopanda mabala lija, nati, "Abambo, gwirani chigongono apa, pakamwapo mutseke."

Ndinagwira. Madzi analowa osavuta.