Nsanza za amake Tiza m'mabowo a mpweya

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 52. Akazi anga, amake Tiza, anamwalira chaka chatha. Ndinatsala ndi mwana wathu Tiza, mtsikana wa zaka 15, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene tinamanga limodzi ku Mtendere. Ndi ya malata, ilibe siling'i.

Pamene ankadwala, amake Tiza ankamva kuzizira kwambiri. Tsiku lina atapezako mphamvu anang'amba chitenje chawo chakale, nakwera pampando ine nditaugwirira, n'kutseka mabowo onse a mpweya amene ali pamwamba pa mazenera. Anati, "Mphepo ya mu Lusaka ilibe ulemu, ilowa yosaodira." Tinaseka. Imeneyo ndiyo ntchito yomaliza imene manja awo anagwira m'nyumba muno.

Nsanzazo zikadali momwemo. Mu Okutobala nyumba inkatentha ngati uvuni. Fani inkazungulira tsiku lonse, mayuniti a magetsi n'kumatha msanga kuposa pamene tinali atatu. Tsopano ndi Juni, ndipo ndimalowetsa mbaula m'nyumba kuti tiziwotha, chitseko chili chotseka. Tiza akumadzuka mutu ukuwawa, masiku ena amasanza. Sabata yatha anandiuza kuti, "Batate, chosani vinsanza ivi, apo ayi ine nizayenda kunkala kwa ba anti ku Matero."

Ndinakwera pampando womwe uja. Nditangokhudza nsaluyo, ndinatsika. Sindifuna kuti mwana achoke, ndi yekhayo amene ndatsala naye, koma dzanja likukana. Ndichite bwanji?

O.C., Mtendere, Lusaka

Bambo O.C.,

Pepani ndi imfa ya mayi. Koma ndiyambe ndi chimene sichingadikire. Tiza sakuchita mwano, akudwala. Makala akamayaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha. Umayamba ndi mutu ndi nseru, ndipo ena sadzukanso. Kuyambira lero mbaula isalowenso m'nyumba. Phikirani panja, wotherani panja, mukalowa fundani bulangeti. Mupite naye kuchipatala mwanayo, ndipo mukawauze za mbaulayo osabisa.

Mabowo aja atsegulidwe. Nyumba ya malata imafuna kupuma, pakuti mpweya wotentha umakwera n'kutulukira pamwamba. Njirayo ndi yotseka, n'chifukwa chake fani inkangotakasa kutentha komweko uku ikukudyerani mayuniti. Kuzizira limbanani nako mwa njira zina: mkeka pasimenti, makatani okhuthala, chiguduli m'munsi mwa chitseko. Mukapeza kangachepe ikani siling'i, ngakhale m'chipinda cha Tiza chokha. Imathandiza mu Juni, imathandizanso mu Okutobala.

Nsanzazo sindikuti mutaye, ayi. Ngati dzanja lanu likukana, Tiza akwere pampandopo, inu muugwirire monga munachitira ndi mayi ake. Mukazitsitsa muzichape, telala wa pamsika azilumikize, zikhale chovundikira pilo kapena mpendero wa katani. Zidzakhalabe m'nyumba mwanu, pamalo amene mungathe kuzikhudza.

Mayi aja anatseka mabowowo chifukwa m'nyumba munali wodwala. Wodwala lero ndi mwana wawo, ndipo akanakhala moyo akanakwera okha pampandopo. Musadikire kuti mtima uyambe wapola, bambo. Kugona ndi mbaula kamodzi kokha n'kokwanira kukubweretserani maliro achiwiri.