Khosi la Ngalande

Lolemba, 30 Okutobala 1995
Dzuwa likuswa mtengo. Amuna anga, bambo a Hope, abwera ndi nzeru zatsopano: kamlatho pa ngalande ya kudimba, kuti ngolo ya alamu Agustino izidutsa. Matabwa afupika, ndiye akuti ngalandeyo ndi imene ichepe. Kumtunda kwake pomwepo, mbande zanga za anyezi. Anyezi woti ndidzagulitse kwa Malomo. Mtima uli m'mwamba.

Lachitatu, 1 Novembala
Ndawafunsa ngati madzi adzakwane pakhosi potero. Akuti, "Madzi akapanikizika amathamanga, mayi." Andionetsa ndi ketulo. Chala pamlomo pake, madzi tsiii, mphaka wanyowa. Atapanikiza kwambiri madzi atulukira kuchivindikiro, koma akuti zimenezo tisawerengere. Tiyi sitinamwe.

Loweruka, 4 Novembala
Msonkhano wa kalabu ya dimba. Poti ndi matipate, tavota: madzi adzadutsa kapena adzatsamwa? Kudutsa kwapambana. Mayi Kezia anakweza manja onse awiri, akuti linalo ndi la malemu amuna awo. Mbali yanga ine ndi a Elifala basi. Kenako ndamva kuti iwo ankangopirikitsa ntchentche.

Lachiwiri, 7 Novembala
Amanga, ngalande aichepetsa ndi miyala. Khosi ngati la botolo. Madzi akudutsadi, liwiro lake, ndi kamluzu komwe. Bambo a Hope akuyenda manja kumbuyo ngati a DC. Kumtunda madzi akwera pang'ono, ndaona pa bango. Mwina ndi mantha anga chabe. Sopo watha.

Lachisanu, 10 Novembala
Mvula yoyamba kumapiri a Ntchisi. Madzi ofiira afika pa kamlatho, atsamwa, abwerera. Dimba lasanduka dziwe, mbande zikuyandama. Ndalira mokweza, anthu akuona.
Bambo a Hope analumphiramo kuti agumule mwala umodzi. Khosi lija lawameza mpaka m'chiuno, atsekeratu ngalande yonse. Kalabu yonse kukoka, ngati tikuzula chinangwa. Atuluka. Buluku latsala momwemo. Abwerera kumudzi atavala chitenje changa, ana akuwaperekeza ndi nyimbo.

Lamulungu, 12 Novembala
Dzulo sitinayankhulane. Lero podzuka bambo a Hope kulibe, jekete la kutchalitchi lili pa msomali. Ndawapeza kudimba, maondo m'matope, akutola mbande imodziimodzi n'kumaokeranso. Zina mizu kumwamba! Ndinanyamula mawu odzaza dengu. Ndangogwada kumbuyo kwawo, n'kumazitembenuza osawauza.